Mandala Okalika Sapolishidwa ndi Chala

Mwezi watha kuntchito kwathu kunabwera bambo wina wachikulire wa ku Bangwe, telala, atakulunga mandala ake m'kansalu kotsala posoka. Atamasula, ndinaona galasi la kumanja lili ndi chigamba chotuwa pakati penipeni, chachikulu ngati nyemba.

"Bambo, awa mwawachita chiyani?"

"Mwana wanga, anangokalika pang'ono. Anzanga pamsika anati ndiwakhule ndi mankhwala otsukira mano. Ndakhula sabata yathunthu, tsopano ulusi sukulowanso pasingano."

Zinandiwawa, chifukwa ulusi umenewo ndiwo umadyetsa banja lawo. Ndipo si oyamba. Ena amabwera atakhula ndi phulusa, ena ndi soda, ena ndi polishi wa zitsulo, onse atamva kuti kupolisha kumafafaniza mzere. Ine amene ndimakhalira kudula ndi kusalalitsa magalasi ndatopa nalo bodza limeneli.

Mzere wokalika ndi ngalande. Kupolisha sikukwirira ngalandeyo ayi, kumagumula mtunda wonse woizungulira mpaka ufanane ndi pansi pake. Pa nyali za galimoto zimene anyamata amawalitsa m'magalaja a ku Ndirande zimenezi zilibe vuto lalikulu, poti palibe amene amawerenga kudzera m'nyali. Koma mphamvu ya mandala ili m'kapindikidwe kake. Mukadya galasi pamalo amodzi, mwasintha zimene dokotala wa maso anakuyezani.

Taonani kuchepa kwake. Ife timayeza ndi micron, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Tsitsi limodzi limanenepa pafupifupi ma micron 70. Kadzenje ka ma micron 6 okha, pamalo otambalala sentimita imodzi, kamasintha mphamvu ya galasi ndi 0.25, sitepe yathunthu ija timakufunsani m'chipinda choyezera kuti "apa ndi apa, mukuona bwino pati?"

Nkhani ya kuchuluka kwa galasi limene limadyeka anailongosola F. W. Preston mu 1927, pofufuza makina opolishira magalasi. Lamulo lake tikuligwiritsabe ntchito: kudyeka kumayendera mmene mukukanikizira, liwiro la kukhulako, ndi nthawi imene mwakhala pamalopo. Mukakanikiza kawiri, mwadyanso kawiri. Amayi amene anasinjapo amadziwa kale zimenezi, mtondo umakumbika pakati pamene musi umagwa kawirikawiri. Chala chanu ndi musi womwewo. Chimalemera pakati, m'mbali chimangokhudza, ndipo chimabwererabwerera pamzere umene ukukunyansani. Mapeto ake mwasema kambale.

Makina athu amapewa zimenezi pogwiritsa ntchito chikombole chopindika mofanana ndi galasilo, chimene chimaligwira lonse nthawi imodzi, mphamvu ndi mphindi zili zowerengeka. Pakati pamayenda madzi osakaniza ndi ufa wosalala kwambiri, aluminium oxide pa mandala a pulasitiki, cerium oxide pa galasi lenileni. M'mafakitale akuluakulu kompyuta imayamba yajambula mapiri ndi zigwa za pagalasi, kenako n'kuwerengera masekondi amene kachida kopolishira kakhale pamalo aliwonse. Ngakhale akatswiri otere zimawalaka. Telesikopu ya Hubble inapita m'mlengalenga mu 1990 ndi kalilole wa mamita 2.4 wolakwika ndi ma micron awiri okha m'mphepete, zithunzi n'kumabwera zosaoneka bwino mpaka anakaikonza mu 1993. Nanga chala ndi mankhwala a mano zingathe bwanji?

Komanso mandala ambiri masiku ano ndi a pulasitiki, ndipo pamwamba pake pamakhala coating, timiyalo topyapyala toteteza kukalika ndi kuchepetsa kunyezimira. Tina sitikwana ngakhale micron imodzi. Chigamba cha bambo aja chinali coating yosendeka, pansi pake pulasitiki yokalikakalika.

Tsono muchite chiyani? Zambiri zimene ndimaona zimayamba ndi fumbi, makamaka mu Okutobala, munthu akatsika minibasi ku Machinjiri n'kupukuta mandala ouma ndi nsonga ya chitenje kapena malaya. M'fumbi muli timchenga tolimba kuposa pulasitiki. Yambani mwawatsira madzi, kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale nthawi zambiri sikavuta, kenako kansalu kofewa koyera. Musawasiye padzuwa m'galimoto. Kamzere kakakhala m'mbali, mwina mukhoza kungokhala nako. Kakakhala pakati, funsani kumene munawagula, kapena ku chipatala cha maso cha Lions ku Queens, ngati angasinthe galasi lokha felemu n'kukhala yomweyo, ngakhale si felemu iliyonse imene imalola.

Ya bambo aja inalola. Tinasintha galasi limodzi. Tsiku lodzatenga, anawavala, anasolola singano pakolala ya malaya awo, nanyowetsa ulusi ndi malovu. Unalowa ulendo woyamba.