Kugona M'nkhalango za ku Scotland Masamba Akamayoyoka

M'maiko a kumpoto kwa Ulaya, miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala imatchedwa autumn, ndiye kuti nyengo yomwe kutentha kumachepa, masiku amafupika, ndipo masamba a mitengo yambiri amasanduka achikasu ndi ofiira asanayoyoke. Pa nthawi imeneyi anthu ena amanyamula tenti kumsana n'kukagona m'nkhalango kutali ndi malo okonzedwera alendo, kumene kulibe madzi a pampopi, chimbudzi kapena mlonda, ndipo dziko la Scotland ndi limodzi mwa maiko ochepa kumene lamulo limalola zimenezi mosabisa.

Ufuluwu unakhazikitsidwa ndi lamulo la Land Reform (Scotland) Act la 2003, lomwe linapatsa munthu aliyense mwayi woyenda ndi kugona pa malo ambiri ngakhale akhale a mwini wake, malinga achite mosamala. Ndondomeko yotanthauzira kusamalako, yotchedwa Scottish Outdoor Access Code, inayamba kugwira ntchito mu 2005, ndipo imafuna kuti ogona kutchire akhale ochepa, atenge katundu wopepuka, asapitirire masiku awiri kapena atatu pa malo amodzi, ndiponso apewe minda, makola ndi pafupi ndi nyumba za anthu. Ku England zinthu n'zosiyana, pakuti kugona chotere popanda chilolezo cha mwini malo n'kololedwa m'madera ena a Dartmoor okha, ndipo ngakhale kumeneko nkhaniyi inafika mpaka ku bwalo lalikulu la Supreme Court, lomwe linatsimikizira ufuluwo mu 2025.

Nkhalango zomwe zimakopa anthu kwambiri ndi zotsalira za nkhalango yakale yotchedwa Caledonian Forest, monga za ku Glen Affric, Rothiemurchus ndi Abernethy. Kumeneko mitengo ya paini ya mtundu wa Scots pine imakhalabe yobiriwira chaka chonse, pamene ya birch yomwe yamera pakati pake imasanduka yachikasu, ndipo usiku kumamveka kubangula kwa nyama zazimuna zotchedwa red deer, zofanana pang'ono ndi mbawala koma zazikulu, zomwe zimalimbirana zazikazi mu Okutobala. Tizilombo touluka ting'onoting'ono totchedwa midges, tomwe timaluma anthu mosalekeza m'miyezi yotentha, timatha chisanu choyamba chikagwa, ndipo ichi chokha n'chokwanira kuchititsa ambiri kudikira nyengoyi.

Kukongolako kuli ndi mtengo wake. Dzuwa limalowa msanga, makamaka mawotchi akabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Okutobala, kotero kuti wochedwa kusankha malo amakhoma tenti mumdima. Kuzizira koopsa sikuchokera mumlengalenga mokha, chifukwa nthaka yonyowa imayamwa kutentha kwa thupi usiku wonse, ndipo thumba logonamo, ngakhale lochindikala, silithandiza mokwanira popanda kamatiresi koyala pansi. Mphepo nayo siyenera kupeputsidwa: namondwe wotchedwa Arwen anagwetsa mitengo mamiliyoni ambiri ku Scotland mu Novembala 2021, choncho wanzeru amayamba wayang'ana kumwamba ngati kuli nthambi zouma asanakhome zikhomo. Nkhupakupa, zomwe zina mwa izo zimafalitsa matenda a Lyme, zimakhalapobe m'maudzu mpaka kuzizira kutakula, ndipo kuphikira m'tenti yotseka kumabweretsa mpweya wakupha wa carbon monoxide, womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'chipinda chotseka.

Nkhani yovuta koposa ndi ya moto. Munthu wozizidwa amaulakalaka, komatu ndondomeko ija imalimbikitsa kasitovu ka gasi ndipo imaletsa kusonkha moto m'nkhalango ndi pa dothi la peat, lomwe ndi dothi lakuda lopangidwa ndi zomera zimene zakhala zikuwola pang'onopang'ono kwa zaka mazanamazana. Dothi limeneli limatha kunyeka chamkati kwa masiku ambiri pamwamba pakuoneka ngati pazima, ndipo limaotcha mizu ya mitengo yomwe ina yakhala zaka zoposa 300. Ngakhale kutola nkhuni zakugwa kumaononga, chifukwa mitengo yowola ndiyo imasunga bowa ndi tizilombo timene mbalame za m'nkhalangomo zimadya. Pa za kudzithandiza, munthu amayenera kupita mtunda wa mamita 30 kapena kuposerapo kuchokera ku madzi, n'kukumba kadzenje ndi kukwirira.

Kunyalanyaza zinthu zoterezi kwachititsa kale kuti ufuluwu uchepe m'madera ena, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti osamala amalangidwa limodzi ndi osasamala. M'mbali mwa nyanja za m'paki ya Loch Lomond and The Trossachs, zinyalala, matenti otayidwa ndi kudula mitengo yaiwisi zinachuluka kotero kuti mu 2017 anakhazikitsa malamulo ofuna chiphaso kwa aliyense wogona m'madera ena osankhidwa kuyambira pa 1 Malichi mpaka pa 30 Seputembala. Kuyambira mu Okutobala chiphasocho sichifunikanso, ndipo udindo wonse wosunga malowo umabwerera kwa ogonawo, pa nthawi yomwe nthaka yanyowa ndipo zomera zopondedwa sizingaphukenso mpaka chisanu chitatha.