Kusamala Ndege Yaing'ono Yogona Padzuwa

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za ndege zazing'ono, zija zonyamula anthu 4 kapena 6, zimene mumaziona zitaima pa Chileka, pa Likoma ndi pa timabwalo ta kumalo osungirako nyama. Zambiri mwa ndege zimenezi zilibe nyumba. Zimagona pabwalo ndipo zimaswera padzuwa. Ndidziwa kuti ambiri a inu mulibe ndege, koma ena ndinu alonda a pa mabwalo amenewa, ena ndinu otsuka ndege kapena othira petulo, ndipo mau anga ali kwa inu monganso kwa mwini ndege.

Dzuwa la kwathu kuno si lamasewera. Ku Blantyre limafika pamutu penipeni kawiri pa chaka, kumayambiriro a Novembala ndi kumayambiriro a Febuluwale. Pa Febuluwale mitambo ya mvula imatithandiza, koma pa Okutobala ndi Novembala palibe chotchinga. Dzuwali liononga ndege ndi kutentha kwake, ndiponso ndi kuwala kwina kosaoneka ndi maso, kumene akatswiri amakutcha ultraviolet. Kuwala kumeneku kumadya pulasitiki, mphira, nsalu ndi utoto pang'onopang'ono monga chiswe chidyera mtengo, kotero kuti munthu woona ndege tsiku ndi tsiku sazindikira msanga.

Tiyambe ndi zenera la kutsogolo, pakuti bvuto lalikulu lili pamenepo. Mukaliona muyesa galasi, koma si galasi ai. Ndi pulasitiki yoonekera, yopepuka ndiponso yofewa kuposa galasi. Ikakhalitsa padzuwa imachita timing'alu tating'onoting'ono tonga ukonde wa kangaude. Masana timing'aluti sitibvuta kwambiri. Koma taganizani woyendetsa ndege amene ali kutera madzulo, dzuwa lili m'maso mwake. Pamenepo mng'alu uli wonse ndi kukalika kuli konse kumanyezimira, zenera lonse limayera mbuu, ndipo munthu uja saona bwino bwalo, kapena mbuzi imene yalowa m'bwalomo.

Tsono inu otsuka ndege mverani bwino. Musapukute zenera louma ndi nsalu youma, chifukwa pfumbi ndi timiyala, ndipo mukatero muli kupala zenera. Yambani mwathira madzi ambiri kuti pfumbi litsike lokha, ndipo chotsala muchichotse ndi dzanja lanu, lopanda mphete. Kenaka tsukani ndi sopo wofatsa ndi nsalu yofewa yoyera. Buku la a Cessna, amene akhala akugulitsa ndege yotchedwa Cessna 172 kuyambira 1956, liletsa kugwiritsa ntchito petulo, spiriti, mankhwala osungunulira utoto, ngakhale mankhwala opukutira magalasi a m'nyumba, pakuti zonsezi zimalowa m'pulasitiki ndi kuing'amba.

Kodi nanga kubvundikira ndege ndi chinsalu? Nkwabwino ndithu, chifukwa chinsalu cha kunja chimabweza dzuwa lisanalowe m'kati. Ndege yotsekedwa ili monga galimoto yotsekedwa: kuwala kumalowa pa mazenera, mipando ndi bolodi lakuda la kutsogolo zimatentha, ndipo kutenthako kulibe potulukira. Bolodi limenelo likhoza kupitirira madigiri 70, ndipo kumbuyo kwake ndiko kuli mawailesi ndi zida zimene woyendetsa amadalira ali m'mwamba. Malamba omangira anthu pa mipando nawonso amafooka akamaombedwa ndi dzuwa chaka ndi chaka. Komatu buku lomwe lija lichenjeza kuti chinsalu cholimba chikhoza kukala zenera. Mphepo ikamachikupiza, pfumbi lili pansi pake, chimakhula pulasitiki usiku wonse. Chifukwa chake lona yofundira chimanga kapena fodya siyenera pa ndege. Chofunika ndi chinsalu chosokedwera ndege imeneyo, choyera kunja, chofewa m'kati, chokhala ndi malamba ochimanga zolimba. Muchibveke pa zenera lotsuka, ndipo pochibvula musachiponye pansi. Chipindeni mbali yofewa ili m'kati. Ngati chinsalu chotere mulibe, ine ndikuti kuli bwino kuimika zotchinga zonyezimira m'kati mwa mazenera kusiyana ndi kufunditsa lona yakuda ndi pfumbi. Ndipo musasiye foni, machesi kapena mankhwala m'ndege yotsekedwa.

Mwina mwafunsapo chifukwa chake ndege zazing'ono zambiri zili zoyera. Utoto woyera umabweza dzuwa. Ndege zina za masiku ano sizipangidwa ndi chitsulo koma ndi ulusi wolimba womatidwa ndi ulimbo wa mankhwala, ndipo ulimbo umenewu umafooka ukatentha kwambiri, kotero opanga amalamula kuti pamwamba pa mapiko pakhale poyera. Zina zakale, monga Piper Cub, mapiko ake ndi okutidwa ndi nsalu. Pansi pa utoto wa kunja amapakapo utoto wasiliva wosanganiza ndi ufa wa aluminiyamu, ndiwo umene umateteza nsaluyo. Mukaona utoto wasweka kapena wasupuka, uzani mmisiri wa ndege tsiku lomwelo.

Petulo ali ndi khalidwe lake. Akatentha amafufuma: malita 100 amaonjezeka pafupifupi lita 1 kutentha kukakwera ndi madigiri 10. Mukadzaza thanki mpaka pakamwa m'mawa kukuzizira, pofika masana mupeza petulo akudontha pansi pa phiko. Komanso thanki yosiyidwa theka imakoka mpweya wachinyezi usiku, ndipo chinyezicho chimasanduka madontho a madzi m'kati. Motero thirani kufikira pa muyeso umene buku la ndege linena, imikani ndege pamalo osapendekeka, ndipo m'mawa uli wonse asanauluke woyendetsa akhetse petulo pang'ono m'kabotolo koonekera. Petulo wa ndege wotchedwa 100LL ndi wobiriwira ngati thambo, ndipo madzi amakhala pansi pake poonekeratu. Inu alonda, tchetchani udzu wonse wouma mozungulira ndege. Nyengo yotentha ndiyonso nyengo ya moto wa m'tchire, ndipo moto ndi petulo wodontha muwadziwa nokha.

Matayala muwatchinge ndi thabwa kapena nsalu yoyera, ndipo muwatsekere ndi timitengo m'malo mosiya ndege pa mabuleki tsiku lonse, chifukwa mafuta a mabuleki nawo amafufuma.

Wina adzati, bwanji osangoikankhira pansi pa mtengo wa mango? Musatero. Zitosi za mbalame ndi utomoni zimadya utoto, ndipo mvula yoyamba imadza ndi mphepo yothyola nthambi. Mphepo yomweyo ikhoza kunyamula ndege yaing'ono ndi kuigudubuza, choncho iyang'anitseni kumene mphepo imachokera kawirikawiri, ndipo muimange mapiko onse awiri ndi mchira ku zikhomo zolimba. Zingwe za nayiloni nazo zimapsa ndi dzuwa. Chingwe chikayamba kutuwa ndi kuyoyoka ufa m'manja, chichotseni.

Pali kanthu kena kamene kamadza ndi kugona pabwalo. Pansi pa phiko pali kapaipi kakang'ono koyang'ana kutsogolo, kamene kamauza woyendetsa liwiro la ndege. Mabvu omanga ndi dothi amakonda kumangamo. Mu 1996 ndege yaikuru ya Birgenair inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Puerto Plata, m'dziko la Dominican Republic, ndipo anthu 189 anafa. Ofufuza anapeza kuti kapaipi kotere kanali kotsekeka, ndipo anaganizira mabvu, pakuti ndegeyo inali itaima masiku ambiri kapaipiko kali kosabvundikira. Kabvekeni chibvundikiro chokhala ndi kansalu kofiira kolendewera, ndipo tsekaninso makomo a mphepo a ku injini kuti mbalame zisamangemo zisa. Pa tsiku la ulendo chotsani zonsezi, muziwerenge, ndipo muzionetse kwa woyendetsa asanalize injini.

Gonani bwino nonse.