Shampeni ya paukwati: m'botolomo muli chiyani?

Makomiti a ukwati kuno ku Silverest akufunsa abusa funso limodzimodzi: kodi Akhristu angatsegule shampeni paphwando?

Makolo athu ankalandira alendo ndi thobwa ndi munkoyo. Lero m'malo a maphwando a m'mbali mwa Great East Road, akwati akadula keke amatsegula botolo lophulika, anthu onse n'kukweza matambula. Champagne ndi dera la ku France, ndipo chakumwa cha dzinali ndi vinyo wowira kawiri. Kachiwiriko amawirira m'botolo momwemo, n'chifukwa chake amachita thovu. Mowa wake ndi pafupifupi 12 peresenti. Koma mabotolo ena amene timawatcha shampeni ndi madzi a mphesa kapena a maapozi othira mpweya, opanda mowa. Maonekedwe ndi ofanana, kusiyana kwake kumalembedwa pa pepala la pabotolo.

Nkhaniyi si yachilendo mu mpingo, inayambira pa gome la Ambuye. Mu 1869 Thomas Welch, Mkhristu wa mpingo wa Methodist ku America, anayamba kutenthetsa madzi a mphesa kuti asawire, n'cholinga choti Mgonero ukhale wopanda mowa. Mpaka lero a Anglican amagwiritsa ntchito vinyo weniweni, mipingo ina madzi a mphesa, koma tonse tikumbukira mwazi umodzi.

Baibulo silibisa kuti Yesu anasandutsa madzi kukhala vinyo pa ukwati wa ku Kana. Limaletsanso kuledzera, ndipo pa Aroma 14 Paulo atichenjeza kuti chakumwa chathu chisakhumudwitse mbale. Paphwando pamakhala ana, amayi oyembekezera, odwala amene ali pa mankhwala, ndi abale amene analeka mowa movutikira. Tambula imodzi yolandira mosadziwa ingabweze munthu kumene anachoka.

Choncho tipempha zitatu. Mabanja awiriwo agwirizane msanga, atafunsa mwambo wa mpingo womangitsa ukwati. Komiti iwerenge yokha pepala la pabotolo, ndipo wotsogolera mwambo anene poyera chimene chili m'matambula. Pomaliza, pasakhale wotenga ngongole chifukwa cha botolo. Ukwati wodalitsidwa ndi munkoyo ndi ukwati ndithu.

Ambuye adalitse mabanja atsopano onse.