Makina Ounikira M'thupi: Mawu ndi Kuwala

Kodi sikani imagwira ntchito motani?

Makina a ultrasound, amene ambiri amawatcha sikani, amatumiza m'thupi mawu osamveka ndi khutu. Mawuwo akagunda chiwalo amabwerera, monga amachitira mawu a munthu wofuula m'tsinde mwa phiri la Zomba, ndipo makinawo amawasandutsa chithunzi. Kuunika kotere sikupweteka, ndiponso kulibe cheza cha X-ray.

Nanga kuwala kumathandiza chiyani?

M'chaka cha 1880 Alexander Graham Bell anapeza kuti kuwala kungathe kubala mawu. Njira ya photoacoustic inachokera pamenepo. Dokotala amaphanimitsa kuwala kwa laser pakhungu. Magazi amayamwa kuwalako, amafunda pang'ono, natulutsa mawu amene sikani imamva. Motero sikani imaonetsa maonekedwe a chotupa, pamene kuwala kumaonetsa mitsempha yake ndi mpweya umene uli m'magaziwo. Dziko la America linavomereza makina ophatikiza njira ziwirizi pounika zotupa za m'mawere m'chaka cha 2021. Komabe kuwalako sikulowa patali m'thupi.

Mabanja a ku Songani, kumbukirani izi:

1. Mayi woyembekezera ayambe sikelo msanga. Bungwe la WHO limalangiza kuti aunikidwe kamodzi asanakwanitse masabata 24.
2. Asodzi ndi ana osamba m'nyanja ya Chilwa akaona magazi m'mikodzo, akayezetse likodzo. Sikani imaonetsa ngati chikhodzodzo chawonongeka.
3. Mukamva chotupa m'bere, ngakhale chosapweteka, pitani kuchipatala cha pafupi; akakutumizani kuchipatala chachikulu cha Zomba, musazengereze.

Musadikire makina atsopano. Matenda opezeka msanga savuta kuchiza.