Ulendo wa ku Mapanga a Chinhoyi

Kamba akamayenda amasenza nyumba yace pamsana, ndipo pamene dzuwa lamlowera ndi pomwe amagona. Alipo anthu ena a paulendo amene amacita cimodzimodzi. Iwo ali ndi galimoto yaikulu imene m'kati mwace muli kama, tebulo, mbaula ya gasi ndi thanki ya madzi. Anthu otere safuna nyumba ya alendo. Akafika pa malo ololedwa amaimika galimoto yao, naphika nsima, nagona momwemo.

Tiyeni titsagane ndi banja lina loyenda m'galimoto yotere kucokera ku Lusaka kunka ku Zimbabwe. Atadutsa Kafue amatsika mapiri kufikira pa Chirundu, pamene Zambezi alekanitsa maiko awiriwa. Pali milatho iwiri: wakale unatsegulidwa mu 1939, watsopano mu 2002. Apa munthu aliyense aonetsa pasipoti yace, ndipo galimoto nayo iyenera kukhala ndi makalata ace. Kutsidya njira ipyola m'thengo la njobvu ndi kukwera phiri la Makuti, cifukwa cace woyendetsa wanzeru sayenda usiku. Akapitirira Karoi, patatsala pang'ono kulowa m'tauni ya Chinhoyi, amapeza mapangawo m'mbali mwa mseu. Kufikira 1982 tauniyi inali kuchedwa Sinoia.

Kodi phanga limakumbidwa ndi yani? Ndi madzi. Mvula ikamagwa ndi kulowa m'nthaka imasakanizika ndi mpweya wa carbon dioxide, ndipo madziwo amakhala ndi asidi pang'ono, wocepa kwambiri kotero kuti lilime silingamumve. Koma pali miyala ina, ya mtundu wa njereza, imene imasungunuka ndi madzi otere. Madzi amatsata ming'alu, naikuza pang'ono pang'ono. Mng'alu umene nyerere yokha ikadalowamo umasanduka mpata, mpata nusanduka cipinda. Nchito imeneyi imatenga zaka zikwi zambirimbiri. Inu a ku Lusaka mwala umenewu mumaudziwa, pakuti mzinda wanu wakhala pa mwala wa mtundu womwewo, ndipo ndi umene amaphwanya ku Chilanga popanga simenti.

Ku Chinhoyi cipinda cina cinakula mpaka denga lace linalephera kudzigwira, ndipo linagwa. Pamenepo panatsala cidzenje cacikulu coyang'ana kumwamba, cimene zipupa zace zitsika mamita oposa 40. Mlendo amatsika ndi makwerero m'njira yopendekeka ya m'mwala, ndipo pothera pace amaona dziwe. Madzi ace ndi obiriwira ngati thambo la mwezi wa Juni, oyera kotero kuti miyala ya pansi patali ioneka ngati ili pafupi. Sagwedezeka konse, ndico cifukwa cace Azungu analicha dziwe logona. Kutentha kwa madziwo sikusintha, cilimwe ndi dzinja kuli madigiri 22. Akatswiri omira ndi mabotolo a mpweya atsika mamita oposa 100 m'njira zace za pansi pa madzi. Palinso phanga lina la mdima, lopapatiza, limene potsiriza pace munthu amaona dziwe lomwelo ali pamwamba.

Eni dziko, Ashona, amacha dziweli Chirorodziva, ndiko kuti dziwe la anthu akugwa. Akulu ao amasimba kuti m'zaka za m'ma 1830 gulu la Angoni, popita kumpoto, linadzidzimutsa anthu okhala pamenepo ndi kuwaponya m'madzimo. Nkhani imeneyi itikhudza ifenso, pakuti ndi m'zaka zomwezo, mu 1835, pamene Zwangendaba anaoloka Zambezi ndi anthu ace tsiku limene dzuwa linadetsedwa, ndipo zidzukulu zao ndi Angoni a ku Chipata. Pambuyo pace mfumu Chinhoyi ndi anthu ace ankabisala m'mapangamo pothawa nkhondo za Amandebele. Mlenje Frederick Selous anafikapo mu 1887, ndipo mu 1955 boma linaika malowa pansi pa citetezo cace.

Pafupi ndi mapanga pali bwalo la mitengo pamene alendo amamanga mahema ndi kuimika magalimoto ao. Woyendetsa amayamba wafuna malo osapendekeka, cifukwa galimoto ikapendekeka ogona m'kati amagubuduka usiku wonse. Moto amasonkha pa malo ace okha. Zakudya sasiya panja kapena pa zenera lotseguka, pakuti apusi ndi anyani a malo otere anazolowera anthu ndipo alibe manyazi.

Koma cinthu cimene mlendo ayenera kusamala koposa ndi madzi oipa. Galimoto yogonamo ili ndi thanki ina yosungira madzi otsukira mbale, ndi inanso ya cimbudzi. Munthu waulesi angaganize kuti kuthira zimenezi kuseri kwa citsamba kulibe kanthu. Pa dothi la mcenga nthaka imasefa madzi asanafike pansi. Koma pa mwala wa ming'alu madzi amangotsika msanga osasefedwa, nakalowa m'madzi a pansi pa dziko, amene ndi omwe aja a m'dziwe ndi a m'zitsime za midzi yapafupi. Cifukwa cace mathanki amenewa amakhuthulidwa pa malo okhawo amene osunga malowo anakonza, ndipo ngati palibe, mlendo amapita nazo zonyansa zace kufikira atapeza pozitayira.