Chitsulo chimene chili m'magazi anu

Amayi anzanga, pa sikelo ya oyembekezera ndakhala ndikumva funso limodzi kwa zaka zambiri: "Anamwino, timapiritsi timeneti mumati ndi ta ayironi. Ndiye kuti tikumwa chitsulo?" Yankho ndi inde. Ndi chitsulo chomwechi chosulira khasu, kungoti chakonzedwa mwa mtundu wa mchere umene thupi lingathe kuyamwa.

Munthu wamkulu ali ndi magalamu atatu kapena anayi a ayironi m'thupi, kulemera ngati kamsomali kamodzi. Wambiri amakhala m'magazi, ndipo ndi amene amanyamula mpweya wabwino kuchokera m'mapapo kupita nawo thupi lonse. Mayi akaima, magazi ake amachuluka, mwananso amatenga gawo lake. Ayironi akachepa mumamva chizungulire, mtima umathamanga, mumapuma mwawefuwefu pochokera kumjigo, ndipo m'zikhatho ndi m'kati mwa zikope mumayera. Ena amalakalaka dothi la chiswe, koma dothilo silibwezera magazi. Choopsa chimabwera tsiku lochira: magazi amene mayi wathanzi angataye n'kudzuka bwinobwino, kwa mayi wochepa magazi angakhale imfa.

Kuno ku Machinga ndi Balaka zobera magazi n'zambiri. Pali malungo, njoka za m'mimba, likodzo kwa okhala m'mbali mwa Shire, Chilwa ndi Chiuta, komanso kubereka pafupipafupi. N'chifukwa chake piritsi la tsiku ndi tsiku limayendera limodzi ndi Fansidar ndi kugona m'neti.

Ndikudziwa kuti ambiri mumasiyira panjira. Piritsilo limachititsa mseru, limadzimbitsa, chimbudzi chimada. Kuda kwa chimbudzi si matenda ayi. Ngati mseru wanyanya, imwani usiku mutadya, koma musatsitsire tiyi, chifukwa tiyi amatchinga ayironi kulowa m'thupi. Madzi a malambe kapena mandimu ndiwo amathandiza, ndipo malambe ku Balaka sitigula kutali. Mphekesera yakuti mapiritsiwa amakulitsa mwana mpaka kulephera kubadwa ndi yabodza, ndipo imandiwawa ndikamaimva kwa apongozi amene anayenera kukhala olimbikitsa.

Vuto losiyira panjirali ndi limene linachititsa kafukufuku wotchedwa REVAMP ku Zomba ndi Blantyre, motsogozedwa ndi Pulofesa Kamija Phiri wa kuno kwathu ndi Pulofesa Sant-Rayn Pasricha wa ku Melbourne, Australia. Anayesa mankhwala a ferric carboxymaltose, omwe ndi ayironi wokutidwa ndi mtundu wa shuga kuti azituluka pang'onopang'ono m'thupi. Amaperekedwa pa diripi kamodzi kokha, kwa mphindi pafupifupi 15. Amayi 862 analowa nawo, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2023 m'magazini ya The Lancet. Sizinali monga ambiri ankayembekezera. Diripi inadzazadi nkhokwe ya ayironi m'thupi kuposa mapiritsi, koma pofika sabata ya 36 chiwerengero cha amayi ochepa magazi sichinasiyane kwenikweni m'magulu awiriwo. Kafukufuku wotsatira, wa amayi a m'miyezi itatu yomaliza, ndiye anaonetsa diripi ikupambana mapiritsi. Ine chimene ndinatolapo n'chakuti kuchepa magazi kwathu kuno sikuchokera pa ayironi yekha, ndipo piritsi la kusikelo likadali chida chimene tili nacho m'manja lero.

Ayironi sali yekha. Mwana akatsekula m'mimba, pamodzi ndi Thanzi ORS amapatsidwa zinki kwa masiku 10 mpaka 14. Malizani masiku onsewo ngakhale atasiya kutsekula tsiku lachitatu, chifukwa zinki amakonza matumbo ndi kuchepetsa mpata woti matendawa abwerenso msanga. Jakisoni wowawa uja timabaya m'matako mayi wothamanga magazi, amene watupa nkhope ndipo mutu ukum'pweteka, ndi magnesium sulphate. Kafukufuku wa Magpie wa mu 2002, wa amayi oposa 10,000 m'mayiko 33, anapeza kuti amachepetsa ndi theka ndi kupitirira chiopsezo chokomoka ngati wakhunyu.

Nkhani imene ophunzira anga amaikonda ndi ya platinum, chitsulo cha mtengo wapatali. Mu 1965 Barnett Rosenberg wa ku Michigan State University anafalitsa zimene anaona podutsitsa magetsi m'madzi okhala ndi tizilombo: tinasiya kugawikana. Atafufuza anapeza kuti si magetsi, koma platinum wa pa zipangizo zake amene anasungunukira m'madzimo. Pamenepo panachokera cisplatin, amene anavomerezedwa ku America mu 1978, ndipo mpaka lero ndi mmodzi mwa mankhwala odalirika pa khansa ya khomo la chiberekero, matenda amene Malawi ali m'gulu la mayiko okhudzidwa kwambiri. Ndi mankhwala amphamvu, amasanzitsa ndipo amalemetsa impso, choncho kukayezetsa khomo la chiberekero msanga n'kopepuka kuposa kudzawafuna.

Chenjezo limodzi mukalifikitse kumiphakati. Mapiritsi a ayironi amaoneka ngati maswiti, koma kwa mwana wamng'ono ochepa chabe ndi poizoni woopsa. Asungeni pamwamba, osati m'thumba limene mwana amaseweretsa. Akameza, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo mutanyamula kapepala kake, ngakhale akuoneka kuti ali bwino.