NSOMBA NDI CHIPISI: CIMENE ANGELEZI A KU KAFUE ANALI KUKUMBUKA

Munthu akacoka kwao, cimene ayamba kucilakalaka si nyumba kapena munda ai, koma ndiwo. Nkhani ya lero iri ya Angelezi amene anakhala ku Kafue m'masiku a utsamunda, ndi ya zinthu ziwiri zimene sizinali kucoka pakamwa pao: nsomba yokazinga pamodzi ndi chipisi, ndi nyumba yomweramo mowa imene iwo amaicha pub.

Tauni ya Kafue iri pa mtunda wa mamailosi ngati 28 kum'mwera kwa Lusaka, ndipo inakula cifukwa ca njanji. M'caka ca 1906 unatha ulalo wa sitima wooloka mtsinje wa Kafue, wotalika mapazi 1,400, ndipo njanji yocokera ku Livingstone inapitirira kufikira ku Broken Hill, kumene tsopano ndi ku Kabwe. Pambuyo pace anadza Azungu oyendetsa sitima, amisiri, alimi ndi eni masitolo. Ambiri a iwo kwao sanali anthu olemera. Anali ana a anthu a nchito wamba, ndipo cakudya cimene anali kukumbuka cinali cakudya ca anthu otere.

Mbiri ya cakudyaci iri motere. Ena amati sitolo yoyamba yogulitsa nsomba ndi chipisi anaitsegula Joseph Malin mu mzinda wa London ca m'ma 1860. Ena amati anayamba ndi John Lees ku Mossley, pafupi ndi Manchester, ca m'ma 1863. Nsomba zace zinali za m'nyanja zozizira za mcere, makamaka cod ndi haddock, ndipo sitima za pamtunda zinali kuzifikitsa msanga ku mizinda ya mafakitale zisanaonongeke. Anali kuviika nsomba m'phala la ufa wa tirigu, naikazinga m'mafuta ambiri pamodzi ndi mbatata za kacewere zolengalenga. Wogula anali kuthirapo mcere ndi viniga, nanyamula m'pepala la nyuzi, makamaka pa Cisanu madzulo. Pa nkhondo ya 1939 kufikira 1945 Boma la Britain linaika malire pa nyama, shuga ndi tiyi, koma nsomba ndi chipisi silinaziikire malire, popeza linadziwa kuti ndizo zolimbitsa mitima ya anthu.

Nalo dzina lakuti pub ndi cidule ca mau otanthauza nyumba ya anthu onse. Kumeneko munthu woweruka ku nchito anali kupeza anansi ace, kumva za maliro ndi maukwati, kuponya timibvi pa thabwa, ndi kugulirana mowa mosinthana, wina akagula tsopano, mnzace agula pambuyo. Kwa Mngelezi pub inali monga bwalo la pamudzi.

Tsono ku Kafue kulibe nyanja ya mcere, ndipo cod kunalibe. Cimene cinalipo ndi nsomba za m'madambo akuru a mtsinje wa Kafue: milamba, ndi zija zichedwa bream, zimene ziri pa cibale ndi cambo ca ku Nyanja ya Malawi. Angelezi anapeza kuti bream ikakazingidwa m'phala la tirigu iyandikira kukoma kwa kwao. Momwemonso mabala a m'mahotela ndi m'makalabu a m'matauni a m'njanji analowa m'malo mwa pub.

Koma apa ndipo pagona nkhani. Nyumba imene ku Britain inali ya anthu onse, ku Northern Rhodesia inali ya mtundu umodzi wokha. Msodzi amene anagwira nsomba ija anali munthu wakuda, mkhukhi amene anaikazinga analinso wakuda, koma onsewo sanaloledwe kukhala pa thebulo. M'masitolo ambiri munthu wakuda anali kugulira pa kazenera ka kumbali, ndipo mowa wace unali wa masese, wa m'holo ya mowa. Ndi cifukwa cace m'caka ca 1954 cipani ca African National Congress, cotsogozedwa ndi Harry Nkumbula, cinauza anthu a ku Lusaka kuti aleke kugula nyama m'mabucha a tsankho. Lamulo loletsa tsankho m'malo odyera ndi m'makanema linadza m'caka ca 1960, ndipo ufulu wa Zambia unafika pa 24 October 1964. Cotero pamene nkhalamba za ku Britain zikumbuka mokoma madzulo a m'kalabu, nkhalamba za ku Kafue zikumbuka citseko cimene cinali cotseka.

Ufulu utafika, Kafue anasanduka tauni ya mafakitale. Kunamangidwa Kafue Textiles yoomba nsalu, ndi Nitrogen Chemicals of Zambia yopanga feteleza, imene inayamba nchito m'caka ca 1970, ndiponso nyumba zatsopano za ku Kafue Estates. Tsopano eni dziko ndiwo anali kukhala m'mabala pa tsiku la malipiro, ndipo chipisi cinaleka kukhala ca Azungu okha, ngakhale kuti ambiri bream amaikondabe ndi nsima. Koma m'zaka za m'ma 1990 mafakitale anafooka, anthu ambiri nacotsedwa nchito, nabalalika. Amene anatsala amasimba za masiku ajawo ndi cisoni conga ca Angelezi aja.

Apa paoneka kuti cimene onsewa alira si nsomba yeniyeni ai, pakuti nsomba iguliwa ndi ndalama. Alira anzao amene anali kudya nao, ndi malo amene munthu anali kudziwika ndi dzina lace polowa. Akuru anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Mngelezi analakalaka kwao ali kutali. Munthu wa ku Kafue anayamba walimbana kuti aloledwe kukhala pansi ndi kudya, m'dziko lace lomwe.